Galu wandidyera ndalama ya feteleza, kodi inshuwalansi ya agalu iliko kuno?

Atate Taonga: Mwaswera bwanji nonse pagulu. Ine mutu sukugwira. Kagalu kanga kaja Bruno ndinagula ku Lusaka mwezi watha, kosakaniza ndi Boerboel, mtundu uja wa agalu akuluakulu, Lachiwiri kanangosiya kudya, Lachitatu kusanza thovu, pofika usiku kutsegula m'mimba magazi okhaokha, fungo lake simungakhale pafupi. Ndinakanyamula mu katoni pa njinga yamoto mpaka kwa dokotala wa ziweto, ati ndi parvo. Lero tsiku lachitatu kali pa dilipi ndipo bilu yafika kale K2,300, ati mwina masiku ena awiri. Imeneyi ndi ndalama ndinasungira feteleza wa m'mwamba abale. Mlamu wanga ati kunja agalu ali ndi inshuwalansi ngati NHIMA yathu ija ya kuchipatala. Kodi kuno ku Chipata alipo anachitapo zimenezo?

Amake Dalitso: K2,300 pa galu?? Atate Taonga mundikhululukire koma ine pamsika wa Kapata kuti ndipeze phindu la ndalama imeneyo ndiye kuti ndagulitsa tomato mwezi wathunthu osadwala. Amake Taonga adziwa zimenezi?

Atate Taonga: Adziwa za K800 chabe. Musandiulule chonde

Mfana wa ku Mchini: kkkkkk akulu mwaiwala kuti alongo a Amake Taonga ali pa gulu lomwe lino

Malume a ku Chadiza: Walira mvula walira matope mwana wanga. Munafuna galu wachizungu, ndi ameneyo. Ine wanga dzina lake Mwaona, chaka chino ndi cha 9, sanaoneko khomo la dokotala. Amadya nsima ya gaga, mkute, tsiku labwino mutu wa mbewa. Akadwala m'mimba apita yekha kukadya udzu, asanza, basi wachira. Usiku nkhumba za eni sizifika pankhokwe. Inu agalu anu a m'tauni amagona pa bulangete, ndiye muziti chiyani.

Wa Ziweto Katete: Pepani Atate Taonga. Ndifunse kaye, wogulitsayo anakupatsani khadi la katemera? Lokhala ndi tsiku, siginecha ndi kasitika kochokera pa botolo?

Atate Taonga: Iyayi. Anangonena pakamwa kuti anabaya zonse, khadi adzatumiza pa basi. Manje foni yake sigwira.

Wa Ziweto Katete: Apo ndiye pamene nkhani inathera. Parvo ilibe mankhwala oipha, ndi kachilombo ka vairasi, ndiye chimene dokotala akuchita ndi kungogwirizira kagaluko kuti kasafe ndi kutha madzi m'thupi pamene thupi likulimbana lokha. Dilipi usana ndi usiku, jekeseni woletsa kusanza, ma antibayotiki chifukwa matumbo amasupuka mkati ndiye tizilombo tina timalowa m'magazi. Kuwonjezera apo munthu wokolopa khola kangapo patsiku ndi Jik, magolovesi, malo apaokha kuti agalu ena asatengere. Zonsezo ndi zimene mukuona pa bilu. Osapatsidwa chithandizo tiagalu tambiri timafa, koma pa dilipi tambiri timapulumuka, makamaka tikapyola masiku atatu anayi oyamba. Ndiye musataye mtima.

Katemera wake amayamba kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8, kubwereza pakapita masabata 3 kapena 4, mpaka kafike masabata 16. Wa chiwewe ndi pa miyezi itatu. Mukaphatikiza onsewo safika pa ndalama imene mwalipira kaleyi.

Malume, Mwaona ndi wolimba zoona, koma muwerenge abale ake amene anabadwa nawo. Anali angati ndipo anakula angati? Kumudzi tiagalu timafa ndi parvo yomweyi, kungoti anthu amati tadya chule kapena atithirira tameki.

Malume a ku Chadiza: Anabadwa 7, anatsala awiri. Koma amenewo ndi malamulo a Mulungu, galu sabereka kuti onse akule.

Amake Dalitso: Ine funso langa ndi lakuti chifukwa chiyani mankhwala a galu adula kuposa a munthu. Mwana wanga anagonekedwa masiku anayi ndi malungo, dilipi yomweyo, sindinatulutse ndalama yotere.

Wa Ziweto Katete: Amake Dalitso, kuchipatala cha boma dilipi ija si yaulere ayi, boma linalipira kale, malipiro a nesi, magetsi, nyumba, zonse. Galu alibe boma lomulipirira. Dokotala wa payekha amalipira lendi, antchito, ndipo pafupifupi chilichonse pa shelefu yake chimachokera kunja, kwambiri ku South Africa, ndiye kwacha ikagwa botolo lomwelo mtengo wakwera. Kenako furiji. Katemera akatentha watha ntchito, angokhala madzi. Mukumbukira 2024 chilala chija madzi atachepa ku Kariba, magetsi kuzima pafupifupi tsiku lonse? Aliyense wosunga katemera anagula sola kapena kuwotcha petulo mu jenereta. Mtengo umenewo umabwera kwa inu ogula. Komanso madokotala a ziweto enieni, amene anaphunzira zaka zambiri ku sukulu ya Samora Machel ku UNZA, kuno kum'mawa ndi ochepa ndipo ntchito yawo yaikulu ndi ng'ombe, chigodola, dibi, nkhumba. Galu amabwera pambuyo.

Mfana wa ku Mchini: Mukuikira kumbuyo anzanu akulu kkk. Ena amangotchula mtengo poona nsapato zimene wavala. Ine ndinapita ndi galu wa abwana anga pa Hilux anati K600, sabata yotsatira neba wanga matenda omwewo anapita wapansi analipira K250

Wa Ziweto Katete: Zimenezo sindingakane, zilipo. Koma funsaninso kulemera kwa agaluwo. Mankhwala amayendera makilo, galu wa makilo 45 samwa mofanana ndi wa makilo 12. Ndi chinthu china anthu ogula Boerboel saganiza, chilichonse chake ndi kawiri katatu, chakudya, mankhwala a njoka za m'mimba, ogonetsa pa opaleshoni.

Anesi a ku Leeds: Mwandipeza ndili pa buleki, ndiyankheko za inshuwalansi poti ine ndimalipira. Atate Taonga alamu anu sananame, iliko, ndipo si yatsopano, ku Sweden galu woyamba anamulembetsa inshuwalansi mu 1924 ndipo kumeneko agalu ambiri ali nayo. Koma musaiyerekeze ndi NHIMA, kuti mungoonetsa khadi basi. Imayenda chonchi. Mwezi uliwonse amadula ndalama ku akaunti, galu adwale asadwale. Akadwala, nthawi zambiri umayamba walipira wekha kwa dokotala kenako ndi kutumiza mapepala kuti akubwezere, ndipo sabweza yonse, pali gawo loyamba limene ndi lako nthawi zonse. Matenda amene galu anali nawo usanalembetse salipira. Ukalembetsa lero pali masiku odikira, kawirikawiri masabata awiri, akadwala mkati mwa masiku amenewo ndi zako. Katemera, mankhwala a utitiri, kufula, zimenezo zambiri salipira. Ndipo chimene chikanakupwetekani inu, galu akadwala matenda amene ali ndi katemera koma iwe sunamubayitse, amakana. Ndiye ngakhale mukanakhala nayo, popanda khadi lija akanakuuzani kuti pepani.

Chinanso galu akamakalamba ndalama ya pamwezi imakwera, nthawi yomwe ukuifuna kwambiri ndi imene imakhala yowawa kulipira. Ine kagalu ndi ka ana, ndinakana mpaka ndinatopa, manje ndine ndimakatulutsa m'mawa kuli chisanu.

Amake Dalitso: Ndiye phindu lake n'chiyani asisi, si kuba kumeneko?

Anesi a ku Leeds: Phindu lake umaliona tsiku limene galu wagundidwa ndi galimoto kapena wameza chinthu, chifukwa kuno ku UK opaleshoni imodzi imatha kudya malipiro a mwezi wathunthu kapena kuposa. Anthu kuno akudandaula ngati inu nomwe. Mpaka bungwe la boma loona za mpikisano pa malonda, CMA, linayamba kufufuza mu 2023, linapeza kuti pafupifupi zipatala za ziweto 6 pa 10 zilizonse zili m'manja mwa makampani akuluakulu 6 okha, chikwangwani panja dzina lakale la dokotala wa m'deralo koma mwini ndi kampani, ndipo mitengo saonetsa poyera, umadziwa galu ali kale pa tebulo. Ndiye musaganize kuti kunja kuli bwino, kungoti ngongole yake ndi ya mapaundi.

Mjoni: Kuno ku Johannesburg nakonso iliko, amalengeza pa wailesi ngati ya maliro. Abwana anga agalu awo awiri ali nayo. Ine amene ndimawasambitsa ndilibe kkkkk

Mfana wa ku Mchini: Mjoni bwera uzisamba nawo limodzi mwina akulemba pa fomu

Atate Taonga: Ndaseka koma mtima uli kuwawa. Ndiye kuno kwathu palibe?

Wa Ziweto Katete: Ine pa ntchito yanga sindinakumaneko ndi munthu wobwera ndi pepala la inshuwalansi ya galu. Ya ng'ombe ndi ya mbewu ndiye timamva, ngati ija amaphatikiza pa FISP, pulogalamu ya boma ya feteleza wotchipa. Ndipo ganizani, kampani kuti ikulipireni ifuna umboni, khadi la katemera, zaka za galu, mbiri ya matenda ake yolembedwa ndi dokotala. Agalu angati ku Navutika kapena ku Magazine ali ndi pepala ngakhale limodzi? Tsiku lobadwa la galu ndani amalemba?

Aphunzitsi a ku Sinda: Ndakhala ndikuwerenga chete koma Malume mawu anu aja akuti Mwaona sanaoneko dokotala andikhudza, ndilankhule. Chaka chatha mwana wanga wamkazi wa giredi 3 analumidwa pa katumba akuchokera kusukulu, galu wa pamudzi woyandikana nafe, galu wodziwika ndithu osati wolowerera. Titafunsa mwini ngati anabayitsa wa chiwewe anati galu wanga sadwala. Mawu omwewo. Bala linali laling'ono, mano awiri chabe, amake anafuna kungopaka mankhwala a buluu aja. Mwamwayi mnzanga wina anati tsukani ndi sopo pa madzi oyenda mphindi 15 osasiya, kenako thamangani. Tinayenda ku ofesi ya ziweto, kuchipatala, kumeneko ati katemera watha mukagule ku famasi, ndipo si jekeseni mmodzi, ndi angapo pa masiku osiyana. Thiransipoti, mankhwala, masiku ojomba kuntchito, ndinakongola ndalama ya katapira imene ndinamaliza kubweza patapita miyezi inayi. Galuyo anamumangirira masiku 10 kuti aone ngati asintha, masiku amenewo ine sindinagone, ndinkangodzuka usiku kukayang'ana mwana ngati akumwa madzi bwinobwino. Galu sanafe, mwana ali bwino. Koma mwini galu sanapereke ngakhale K1, ati ana anu ndi amene amaponya miyala.

Ndiye mukamati dokotala wa agalu wadula, ine ndimati galu wosabayitsa ndi amene amadula, kungoti amalipira ndi munthu wina.

Amake Dalitso: Mayo ine, pepani aphunzitsi. Apo ndiye ndagonja. Chiwewe ndinachionapo ndili mtsikana kwathu ku Lundazi, mnyamata woweta ng'ombe, ankaopa madzi m'kapu ngati aona njoka. Sindifuna kukumbuka.

Wa Ziweto Katete: Zizindikiro zikangoyamba palibenso kuchira, ndi chifukwa chake timakakamira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ana ndi ochuluka, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa galu. Koma mukabaya agalu 7 pa 10 alionse m'dera matendawa amasiya kuyenda. Ndipo katemera wa chiwewe ndi wotchipa kuposa onse, ku ofesi ya ziweto ya boma ya m'boma lanu, makamaka cha pa 28 September tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse pamakhala kampeni. Lamulo lathu la Control of Dogs Act limafunanso kuti galu akhale wobayidwa ndi wolembetsedwa. Malume, Mwaona yekhayo mubwere naye, zina zonse ndikusiyirani.

Malume a ku Chadiza: Anthu amati galu ukamubaya amasiya ukali, sagwiranso kalulu.

Wa Ziweto Katete: Bodza limenelo malume, ndalimva kuyambira ku Vubwi mpaka ku Nyimba. Jekeseni alibe chochita ndi mphuno kapena miyendo ya galu.

Malume a ku Chadiza: Chabwino tidzaona ikadzafika kampeni. Koma ndalama ya bulangete sindidzatulutsa.

Mfana wa ku Mchini: Koma tinene zoona ambiri timadzichitira tokha. Galu wanga atafooka ndi nkhupakupa ndinagula Berenil ku shopu ya za ulimi ndi kubaya ndekha, anadzuka. Mphere timapaka oilo wakuda wa mu injini. K50 yokwana

Wa Ziweto Katete: Mfana unachita mwayi, usadzabwerezenso ndipo usaphunzitse anthu pano. Berenil amachizadi matenda a nkhupakupa aja galu amayera nkhama ndi kukodza mkodzo wofiirira, koma paketi imene unagulayo anaipangira ng'ombe, kwa galu malire pakati pa kuchiza ndi kupha ndi ochepa kwambiri. Ukapyoza pang'ono, kapena kubwereza pasanapite nthawi, amaononga ubongo, galu amayamba kuzungulira, kuuma khosi, kufa. Ndaonapo alenje a ku chigwa cha Luangwa ataluza agalu abwino chonchi, poti kumeneko kashembe amalumanso agalu ndiye aliyense amasunga Berenil m'nyumba. Oilo wa injini amawotcha khungu ndipo galu amanyambita. Brufen ndi Diclofenac musapatse galu, zimaboola chifu ndi kuononga impso. Panado kwa mphaka ndi imfa. Ndi dibi ya ng'ombe anthu amasungunula mwa diso, galu kumangogwa ngati woledzera. Kambiri ndalama zazikulu zimene anthu amalipira kwa dokotala ndi zokonza zimene anayamba okha kunyumba, amafika tsiku lachisanu galu atatha kale.

Mfana wa ku Mchini: Mwandikalipira pagulu akulu kkk ndamva

Anesi a ku Leeds: Ine ndikanakhala kumudzi sindikanafuna kampani. Atate Taonga tsegulani ka akaunti ka mobile money kapadera, muziponyamo kangachepe mwezi uliwonse, ndiyo inshuwalansi yanu, ndipo galu akapanda kudwala ndalama ikadali yanu.

Atate Taonga: Asisi ndalama yoti ili mu foni yanga siingaone mwezi wachiwiri, ndimadzidziwa. Kukangobwera uthenga wa maliro kapena sukulu yatsegulira, yapita.

Amake Dalitso: Ndiye pangani chilimba cha agalu kkkk. Iyayi ndikunena zoona. Ife pamsika tili ndi thumba la maliro ndi matenda, aliyense K20 pa sabata, msungichuma ndi mayi wina woopsa sungamubere. Inu a agalu mukhale anthu 15 kapena 20, muzisonkha, wina galu akadwala mutapeko. Komanso mukaitana dokotala tsiku limodzi kudzabaya agalu onse pamalo amodzi thiransipoti mugawana.

Aphunzitsi a ku Sinda: Nzeru yabwino koma muike malamulo poyamba, apo ayi mudzadana. Munthu adzalowa lero galu wake akudwala kale, mawa atapa thumba lonse, mkuja watuluka pagulu.

Anesi a ku Leeds: kkkkk aphunzitsi mwangolemba malamulo a kampani yanga aja, matenda akale salipira, masiku odikira. Mukayamba kuwerenga mupeza kuti nanunso mufuna khadi la katemera musanalandire munthu.

Mjoni: Nanga wa Boerboel ndi wa galu wachikuda asonkha mofanana? Poti tamva kuti wina amadya mankhwala katatu

Malume a ku Chadiza: Ine Mwaona sangasonkhere bulangete la mnzake.

Amake Dalitso: Malume inu ndi bulangete kkkk. Asonkhe malinga ndi makilo basi, sikelo ndibwereka yanga ya pamsika

Wa Ziweto Katete: Mukapanga ine ndithandiza kulemba makadi ndi kukumbutsa masiku, koma thumba ndisasunge ine. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, ndalama yoyamba ipite ku katemera, mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse ndi a nkhupakupa, makamaka dzinja lino udzu wakula. Yotsala ndiyo ya ngozi. Zina ngakhale thumba silingakwanitse, fupa likathyoka moipa pofunika zitsulo ndiye kuti ulendo wa ku Lusaka, makilomita oposa 500 pa Great East Road ndi galu wobuula, ndipo si basi iliyonse ingakulole. Pamenepo munthu umafunika kukhala pansi ndi dokotala, kufunsa mtengo wonse asanayambe, ndi kufunsanso ngati pali njira yotchipa. Si manyazi kunena kuti ndalama yanga ithera apa. Nthawi zina kumugoneka galu ndi jekeseni kuti apume ndi chifundo kuposa kumusiya avutike kuseri kwa nyumba sabata yathunthu.

Mlongo wa Amake Taonga: Alamu mwaswera. Ndangotsegula data manje. K800 ija yabereka liti?

Mfana wa ku Mchini: Ndinanena ine!!! kkkkkkk akulu thawirani ku Mwami muoloke

Atate Taonga: Alamu tikambirana kumbali chonde, ndibwera ndi Fanta. Abale ndangochoka kwa dokotala. Bruno wadzutsa mutu, wanyambita supu ya nkhuku pang'ono ndipo sanasanze kuyambira m'mawa, anandiona ndi kugwedeza kamchira kamodzi, nthiti zonse panja ngati dengu. Ati mawa madzulo akapitiriza chonchi nditha kumutenga. Bilu yonse K3,100, ndapereka K2,000 ndagulitsa matumba a soya amene ndinasunga, yotsala andilola kumapeto kwa mwezi. Za chilimba ndilembeni nambala 1. Neba wanga ati andipatsa kagalu kena kachikuda kuti Bruno akhale ndi mnzake, ndikatenge Sabata.

Wa Ziweto Katete: Musakatenge. Parvo imakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale chaka, ndipo Bruno apitiriza kuitulutsa m'chimbudzi kwa masabata angapo. Pakhonde, mbale ndi khola tsukani ndi Jik, kapu imodzi pa makapu 30 a madzi, musiye mphindi 10 musanatsukuluze, katoni ija ndi masaka amene anagonapo muwotche. Kagalu ka aneba kakhale komweko mpaka kamalize katemera yense, ndipo inu musakagwire ndi nsapato zomwe mumaponda nazo pabwalo panu.

Atate Taonga: Nsapato zomwe?? Dzulo ndinali komweko ndinakanyamula m'manja

Wa Ziweto Katete: Auzeni aneba akayang'anitsitse sabata ino, kakangosiya kudya asadikire. Ndipatseni nambala yawo ku inbox.